Masupuni Awiri a Fulawa

A Fainess sadabadwire ku Kasungu, koma kwina kulikonse sakudziwako. Bambo awo adachoka ku Phalombe pa lole, mwanayo ali ndi zaka zinayi, kudzalima fodya ngati tenanti pa esiteti ya a Lemani kufupi ndi Chisemphere. Ankati alima zaka ziwiri n'kubwerera kwawo. Adaikidwa pomwepo, kumanda a matenanti kuseri kwa damu, ndipo akazi awo adawatsatira.

A Fainess sukulu adalekezera sitandade 3. Pofika zaka khumi adali akusoka fodya m'chigafa, manja ali bii ndi utomoni wosamva sopo. Adakwatiwa ndi Tsoka, woyendetsa thirakitala, munthu wosalankhulalankhula. Adabereka ana atatu. Awiri adapita kuseri kwa damu kuja asanayambe n'kuyenda komwe. Tsoka adafa thirakitala itagubuduzikira m'ngalande, ngolo ili yodzaza ndi nkhuni. Adatsala ndi Dorika yekha, amene adakula n'kukwatiwa ku Kaluluma.

Kunyumba yaikulu ya a Lemani, a Fainess adalowa ngati otsuka mapoto. A Esitere, akazi awo a a Lemani, adaona kuti mayiyu saba shuga ndipo sabweza mawu, basi adayamba kumuphunzitsa. Mpunga wosasanduka phala. Buledi wa mu uvuni wa nkhuni. Msuzi wa nyama, kuulimbitsa ndi fulawa wosungunula m'madzi ozizira kuti usachite mibulu. Adawaphunzitsanso kuti wantchito wabwino amamva kamodzi. Kenako adawapatsa nyumba ya zipinda ziwiri, yamalata, kuseri kwa khitchini. A Fainess adabzala mapapaya ndi mtengo wa mandimu, adazira khonde, adakhalamo zaka makumi atatu ndi zinayi. Koma lamulo la pa esiteti aliyense amalidziwa: nyumba ndi ya ntchito, si ya munthu. Ntchito ikatha, makiyi amabwezedwa.

A Lemani adali ndi mwana mmodzi, Raymond. A Esitere atamwalira, iye ali sitandade 5, amene ankamuzula matekenya ndi kumusinjira chiponde popita kusukulu yogonera adali a Fainess. Ankawatchula amayi. Iwo ankamutchula Remo, ndipo akachita mwano ankamukoka khutu bambo ake akuona. Atamaliza Fomu 4 adapita kunja kukaphunzira, ndipo adakhalako zaka zoposa makumi awiri. Maliro a bambo ake adawapeza atatha. Chaka chotsatira adabwera kudzakhala, kudzayendetsa esiteti, ali ndi mkazi wachizungu ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, dzina lake Elube. Mkaziyo antchito onse ankangoti adona. Raymond tsopano adali bwana, ndipo a Fainess nawonso ankatero.

Chichewa chake chidali chitachita dzimbiri. Ankasokoneza dzulo ndi mawa, ndipo matenanti ankasekera kumbali. Koma ankakonda kuchilankhula, makamaka adona ali pafupi, chifukwa iwo ankamuyang'ana monyadira ngati munthu wolankhula ndi mbalame.

Tsiku loyamba, adona akadagona ndi kutopa kwa ulendo, Raymond adalowa kukhitchini n'kukhala pa tebulo penipeni monga ankachitira ali mwana. Adafunsa za miyendo ya a Fainess, adafunsa za Dorika, adadya nthochi ziwiri. Kenako adafika pa nkhani.

"Amayi, pali chinthu chimodzi chachikulu. Mwanayu ali ndi matenda a m'mimba. Sadya guluteni."

"Gulu lanji?"

Raymond adaseka mpaka kutsokomola. Adayang'ana kudenga, akusakasaka mawu.

"Ndi ufa. Chilichonse cha ufa asadye, ngakhale kochepa bwanji. Akadya amadwala kwambiri."

A Fainess adafuna kuwonjezera funso, koma pakhomo padaima a Sunganani, akapitawo, ndi nkhani ya pampu ya ku nazale. Raymond adadumpha pa tebulo n'kutuluka. Ndipo kunena zoona, chofunsa padalibe. Ufa ndi ufa. Ukatuma mwana aliyense ku Kasungu kuti akatenge ufa, akubweretsera wa chimanga, woyera kapena mgaiwa. Wa tirigu dzina lake ndi fulawa, ndipo umagulidwa kusitolo.

Apa ndi pamene padalakwika. Chimene chimapweteka mwanayo ndi tirigu. Chimanga alibe nacho vuto. Adona akadalankhula okha, a Fainess akadamva, chifukwa mawu akuti fulawa ndi achizungu omwewo. Koma adona adali atasiyira mwamuna wawo, iye n'kutola mawu amene adawakumbukira.

A Fainess adamva kamodzi. Nsima ya Raymond ankaphikira poto wake, ndipo mthiko wake ankausunga patali. Akachokera kuchigayo ankasamba ndi kusintha chitenje asanagwire mbale ya mwana. Elube adakulira mpunga ndi mbatata, choncho palibe adazindikira kuti nsima samupatsa. Zogula adona ankagula okha ku Lilongwe. M'nyumba yaikulu fulawa adali atatha kalekale, kuyambira pamene a Lemani adadwala, ndipo adona sadagule wina, ngakhale buledi. A Fainess adangoti ndi azungu a masiku ano, oopa kunenepa.

Tsiku lina mwanayo adawapeza akudula chigumu chawo pakhonde, cha mgaiwa ndi nthochi, n'kutambasula dzanja. A Fainess adaligwira dzanjalo m'malere. Elube adalira. Adona adatulukira, adaona chinthu chooneka ngati keke, adaona dzanja logwidwa, ndipo adawasisita a Fainess paphewa, akuthokoza mobwerezabwereza. Aliyense adakhutira. A Fainess okha mtima unkawawawa kuti mdzukulu wa a Lemani, mwini wa minda yonse ija, sangalawe chimanga.

Mphika wamagetsi udabwera m'katoni mwezi wachiwiri. Udali wakuda m'kati, wolemera, wa chivundikiro chagalasi ndi chingwe ngati cha ayironi. Adona adauika pa shelefu pafupi ndi soketi ya sola, adauloza n'kunena kuti chili. A Fainess adadikira kuti amalize mawuwo, chili pati kapena chili bwanji, koma dzina la chakudyacho lidathera pomwepo.

Adona adawaphunzitsa ndi manja. Nyama ya ng'ombe kuidula tizidutswa tating'ono zedi, kuikazinga mpaka ifiire. Anyezi, adyo, tsabola, ndi zonunkhira za m'timabotolo titatu. Nyemba zofiira, tomato wa m'chitini. Zonse mumphika, kuvundikira, kutembenuza kabatani. Adona adatukula zala zisanu ndi zitatu, kutanthauza maola, kenako adagwira chivundikiro n'kupukusa mutu: osavundukula. Pomaliza adati guluteni ayi. A Fainess adavomera ndi mutu. Ufa ayi.

Mumtima ankaunyoza mphikawo. Wosafuna kusonkhezera, wosafuna kutakasa, mphika wa alesi. Chakudya chakenso chinkawadabwitsa: nyama ndi nyemba mumphika umodzi, ndiwo za masiku awiri kuzithera tsiku limodzi. Koma ntchito ndi ntchito. Adaiphunzira, ndipo adaikonza. Nyemba ankayamba aziwiritsa pa nkhuni, chifukwa kamoto ka mphikawo sadakakhulupirire. Nyama ankakasankha okha kwa a Usumani, opha ng'ombe pa Chisemphere, ndipo ankakana ya mitsempha. Adawonjeza tsabola wa kambuzi mmodzi wosadula, womuchotsa pomaliza. Elube ankachikonda chakudyacho, amathira pa mpunga n'kunyambita supuni.

Mu Malichi, fodya ali tho m'zigafa, kudabwera uthenga kuti Loweruka kufika akuluakulu awiri a kampani yogula fodya, kudzaona tsamba. Adona adati adzadye chili chomwecho, nkhomaliro. Koma tomato wa m'zitini adali atatha, ndipo adona adati agwiritse ntchito wa kudimba.

A Fainess adayatsa mphika kukucha. Adona adapita ku boma kukagula zakumwa, atatenga mwana. Raymond adali kuzigafa ndi alendo. Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, a Fainess adasuzumira pagalasi paja ndipo sadakondwe. Adavundukula, ngakhale adaletsedwa. Tomato wa dzinja ndi madzi okhaokha, ndipo mphika wotere suumitsa, nthunzi imangobwerera momwemo. Nyemba zinkasambira. Nyama idali pansi, ngati miyala mumtsinje.

Zaka makumi atatu ndi zinayi, ndiwo zotere zidali zisanatulukepo m'khitchini imeneyo. Ndipo lero kudali alendo amene Raymond ankawaopa, sabata yonse osadya bwino.

A Fainess adatsegula sitolo, kachipinda kosungira zakudya. Ndowa ya ufa woyera idali pomwepo, yodzaza. Masupuni awiri okha akadakonza zonse. Dzanja lidafika pa chivundikiro n'kubwerera. Adaganiza za nsinjiro, koma mtedza udali wosasenda, ndipo nthawi idali itatha. Atatero adakumbukira kuti kunyumba kwawo kuli fulawa, theka la paketi, wotsala pa mandasi amene adakazingira amayi a chigwirizano cha kutchalitchi. Adapita mofulumira ndi miyendo yawo yotupayo. Adatapa masupuni awiri, adasungunula m'kapu ya madzi ozizira monga adawaphunzitsira a Esitere, adathira, adatakasa, adavundikira. Patatha theka la ola msuzi udali utagwirana, wonyezimira, womata ku supuni.

Alendo adadya n'kuwonjezera. Mmodzi adachita kubwera pakhomo la khitchini kudzathokoza, akupukuta thukuta la tsabola. Elube adadya mbale ziwiri.

Galimoto ya alendo isanafike n'kumsewu waukulu komwe, mwanayo adali atapindika pa mkeka, atagwira pamimba. Adasanza, adasanzanso, kenako kutsegula. Milomo idauma. Raymond adamunyamula kupita naye kugalimoto, adona akuthamanga pambuyo opanda nsapato. Adakagonekedwa kuchipatala ku boma masiku awiri. A Fainess adatsuka mbale zonse, adachapa mkeka, ndipo Lamlungu sadapite kutchalitchi. Adakhala pakhonde akuyang'ana kumsewu. Adaganiza za nyama ya a Usumani, adaganiza za madzi a pachitsime. Za fulawa sadaganizeko n'kamodzi komwe.

Lolemba masana adabwerera. Mwana adatsika yekha, wofooka koma akuyenda. Adona adamugoneka n'kulunjika kukhitchini, ndipo adayamba kutsitsa botolo lililonse, paketi iliyonse, akuwerenga tizilembo ta kuseri. Raymond adaima pakhomo. Adafunsa a Fainess kuti atchule zonse zimene adaika mumphika.

Adatchula mwandondomeko, akuwerenga ndi zala. Nyama, nyemba, anyezi, adyo, tomato wa kudimba, mchere, timabotolo titatu tija, kambuzi mmodzi.

"Ndi masupuni awiri a fulawa."

"Fulawa?"

"Wanga, wa kunyumba. Msuzi unali madzi okhaokha, bwana, sindikanapereka wotero kwa alendo."

"Amayi, kodi sindinakuuzeni?"

"Munati ufa. Ufa sindinaukhudze. Miyezi itatu mwanayu sanalawe ngakhale phala m'manja mwanga."

A Fainess adamuyang'ana Raymond ndipo adaona kuti wamva. Nkhope imeneyo ankaidziwa, adaiona koyamba tsiku limene adaswa galasi la galimoto ya bambo ake ndi legeni.

Adona adali atasiya mabotolo. Pa zonse zimene zidalankhulidwa, mawu amodzi adawamva okha, opanda womasulira. Adafunsa mwamuna wawo. Adafunsanso. Raymond adayankha m'Chingerezi, motsitsa, akuyang'ana pa sinki.

Chingerezi cha a Fainess n'cha kukhitchini: mchere, madzi otentha, fulumirani. Koma mawu a kuiwala amawadziwa. A kukalamba amawadziwanso.

"Remo," adatero. Chibwerereni adali asanamutchulepo choncho. "Uwauze zimene unanena iwe."

"Pitani kunyumba kaye, a Fainess."

Adapita.

M'mawa mwake adaganiza zolankhula okha, ndi manja, monga adona adawaphunzitsira mphika. Adatenga mbale ziwiri zazing'ono. M'imodzi adaika ufa, m'inayo fulawa. Ankati akaloza iyi n'kutchula dzina lake, akaloza inayo n'kutchula lake, kenako akaloza bwana. Adawapeza adona pakhonde la kutsogolo, Elube atakhala pa miyendo yawo akumwa tiyi. A Fainess adagwada patali pang'ono, adaika mbalezo pansi, adayamba kuti uwu ndi ufa.

Adona adaona zinthu zoyera ziwiri, pafupi ndi mwana wawo wongotuluka m'chipatala. Adakuwa. Adanyamula mwana, kapu idagwa n'kusweka, adalowa m'nyumba ndi kukhoma chitseko. A Fainess adakhalabe chogwada kwa kanthawi. Kenako adatola zidutswa za kapu ija, adatenga mbale zawo n'kubwerera.

Madzulo ake kudabwera a Sunganani, chipewa chili m'manja. Sadakhale pansi. Adati bwana akuti amayi agwira ntchito nthawi yaitali, akuthokoza kwambiri, tsopano apume. Sadati achotsedwa. Adati apume. Kukubwera wophika wina wochokera ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi, ndiye nyumba ifunika. A Fainess adafunsa ngati bwanayo abwera kudzanena yekha. A Sunganani adati bwana atanganidwa ndi fodya.

Nkhani pa esiteti siyenda monga idachitikira. Pofika Lachinayi, amayi osoka fodya ankati mayi uja adachokera kunyumba kwake ndi kanthu koyera m'kapu, kukathira m'chakudya cha mwana wa bwana. Ena ankati adabwereranso ndi mbale ziwiri kuti akamalize. Za ufa ndi fulawa a Fainess adafotokozera anthu atatu. Onse adavomera ndi mutu mwaulemu, ndipo palibe adalandira madzi akumwa pakhomo pawo. Pa chigwirizano, benchi imene adakhalapo idali ndi malo ambiri.

Ankafuna kukalambula kuseri kwa damu asanachoke, pamene pagona makolo awo, mwamuna wawo ndi ana awiri. Koma munthu amene akumunena zotere akaoneka kumanda ndi khasu, nkhani imakula. Sadapiteko.

Wophika watsopano adafika tsiku lomaliza la mwezi. Dzina lake Prosper, bambo wa zaka za m'ma makumi atatu, wochokera ku hotela, ali ndi mipeni yakeyake m'chikwama. Adali waulemu. A Sunganani adati a Fainess amuonetse khitchini asananyamuke, ndipo iwo sadakane. Adamuonetsa kiyi wa sitolo amene amafuna kumukankha kaye asanamupotoze. Adamuonetsa mbali ya uvuni imene imapsereza. Adamuuza kuti nyama azikasankha yekha, asamatume.

Ali mkati, adalowa Raymond, adona ali pambuyo pake. Prosper amalankhula Chingerezi bwinobwino, ndipo adawalonjera adona m'chinenero chawo. Koma Raymond adasankha Chichewa. Adaima chowongoka, osayang'ana kumene kudali a Fainess, n'kulankhula pang'onopang'ono ngati mwana wonena vesi.

"Mwana wathu sadya fulawa. Chilichonse cha tirigu, buledi, mandasi, masikono, ayi. Ufa wa chimanga alibe nawo vuto."

"Ndamva, bwana," adatero Prosper.

Adona adamwetulira mwamuna wawo. A Fainess adali chiimire potalika mkono umodzi, makiyi ali m'manja. Adawaika pa tebulo. Adauza Prosper kuti tomato wa dzinja azimufinya kaye, chifukwa mphika wamagetsiwo suumitsa madzi. Atatero adatuluka.

Thirakitala idali ikudikira, katundu atakwezedwa kale: bedi, mipando iwiri, ndowa, mapoto, nkhuku zitatu zomanga miyendo. Mandimu adali asanapse. Ulendo wa ku Kaluluma pa ngolo ndi wautali, ndipo woyendetsayo sadalankhule nawo njira yonse.

Pano ali kwa Dorika. Amagona m'chipinda chosungira feteleza ndi njinga, bedi lawo lidakwana mopanikiza. Kumunda amapita miyendo ikalola. Mkamwini wawo ndi munthu wabwino, wopemphera, amawalonjera chogwada m'mawa uliwonse, ndipo sadanenepo mawu oipa. Kungoti nkhani ija idafika ku Kaluluma thirakitala isanafike, ndipo pakhomopo pali ana anayi. Sabata yoyamba yomweyo mkamwiniyo adauza mkazi wake kumbali kuti za kuphika, amayi apume.